Kamera Inawoloka, Ine Ndinatsala

Ana a masiku ano akajambula munthu ndi foni amaona pompo ngati watsinzina, n'kufufuta, n'kujambulanso. Ife kale sizinkatero. Ukadina kamera, nkhope ya munthuyo inkakhala mumdima m'kati mwa filimu, ndipo kuti uione unkayenera kuinyamula mpaka kumene amatsuka zithunzi. Kwa ife a ku Liwaladzi, kumeneko kunali ku Lilongwe.

Dzina langa ndine Asiyatu. Nthawi imeneyo zipani zambiri zinali zitangoyamba kumene, sukulu za pulaimale zitakhala zaulere, ndipo ine ndinali m'gulu la aphunzitsi amene tinalembedwa mwachangu kuti tikaime pamaso pa ana odzaza pansi pa mitengo. Kamera anandipatsa ndi achimwene anga atabwerako kumigodi ku Joni. Inali yakuda, yolemera, yokoka kachitsulo ndi chala chachikulu ukamaliza kujambula. Sindinkajambula malonda ayi. Ndinkajambula zimene zandikomera m'maso: amayi akuvuula chinangwa, usipa uli pathandala, munthu atasenza bedi panjinga. Anthu ankandiseka kuti ndikuwononga filimu pa zinthu zimene aliyense amaziona tsiku ndi tsiku.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankaikana kamera yanga: ababa. Anali telala pakhonde la sitolo, ndipo lamba wokolekera kamerayo m'khosi anasoka ndi iwo omwe, wa nsalu yolimba ya khaki, ulusi wake wobiriwira. Koma ndikangoiloza kwa iwo ankatchinga nkhope ndi dzanja. "Nkhope yanga akuidziwa Mulungu, basi zakwana," ankatero. Chibadwire chawo anali asanajambulitsepo.

Atadwala, ataonda mpaka makina osokera kuyamba kuwalemera kumapazi, m'mawa wina anandiitana. "Asiyatu, bwera nacho chinthu chako chija." Anavala mkanjo woyera ndi kofiya yawo ya Lachisanu, anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, n'kuitana amayi kuti akhale pambali pawo. Amayi anachita manyazi ngati namwali. Ndinajambula kangapo. Mwezi usanathe tinawaika m'manda.

Maliro atatha amayi sanapemphe china koma chimodzi. "Abale akadzabwera pa arubaini, ndikufuna adzawaone bambo ako." Arubaini ndi sadaka imene timachita pakatha masiku makumi anayi munthu atamwalira. Ojambula a pa boma ku Nkhotakota ankatumiza mafilimu ku Lilongwe pa basi, ndipo nthawi zina unkalandira zithunzi za ukwati wa anthu osawadziwa, zako zitalowera kwina. Filimu iyi sindikanaisiya m'manja mwa munthu. Ndinati ndipita nayo ndekha.

Amene anadzipereka kundiperekeza anali Twaibu, msuweni wanga, mwana wa azakhali, mlongo wawo wa ababa. Tinakulira bwalo limodzi. Tsiku la maliro ndi iyeyo amene anatsikira m'manda kukalandira thupi la amalume ake. Lilongwe ankamudziwa chifukwa ankapitako kukagulitsa nsomba zouma.

"Akazi anga apite okha m'tauni? Akandilanda anthu kumeneko," anatero akuseka, mwa nthabwala za pachisuweni. "Ndikuperekezani. Ndikudziwa situdiyo ina kuseri kwa msika, kufupi ndi mzikiti, ya mdala wina wa ndevu zoyera. Ameneyo sataya filimu ya munthu."

Ndinamuuza kuti ndiikulunga filimuyo, ndiichotse, kamera itsale kunyumba.

"Muichotse bwanji isanathe? Filimu kudula konseku? Tengani ndi kamera yomwe, zotsalazo mukajambule Lilongwe, amayi adzaone nyumba zosanjikizana."

Ndinaona kuti akunena zanzeru.

Tinaima pamsewu m'mamawa. Linali dzinja, mvula inali itagwa masiku otsatizana, pansi pali matope okhaokha. Azakhali anabwera kudzatitsanzika atanyamula phukusi lalikulu: nkhuku yathunthu yokazinga, chinangwa chophika, zitumbuwa zodzadza pepala la shuga.

"Azakhali, kodi tikupita ku Maka?" ndinawafunsa.

Anaseka pang'ono, kenaka anagwira dzanja la Twaibu osalisiya msanga, misozi ili lengelenge. Ine ndinayesa akulira mlongo wawo.

Minibasi yochokera ku Dwangwa inafika yodzadza kale ndi anthu a kumunda wa nzimbe, koma kondakitala anati malo alipo ambiri. Malo ake anali bondo la munthu wina ndi thumba la mpunga. Kamera ndinaikoleka m'khosi, n'kuifunditsa mpango, manja onse awiri ali pamwamba pake. Pamlatho wa Bua aliyense anakhala chete. Madzi anali ofiira, akukokolola nthambi ndi mapesi, atatsala pang'ono kunyambita mlathowo. Titadutsa, bambo wina kumbuyo anati, "Alhamdulillahi," wina nati, "Ameni," basi macheza n'kuyambiranso.

Pa boma tinapeza basi ya ku Salima ili chilili, injini ikulira. "Ikunyamuka pompano!" anakuwa kondakitala. Tinathamanga ngati tachedwa. Dalaivala ankaiyendetsa pang'ono kutsogolo, n'kuibweza m'mbuyo, kuti odutsa aziyesa ikupita. Masewera amenewo anatha dzuwa litafika pamutu. Mtengo wa ulendo unali utakwera kusiyana ndi umene Twaibu anandiuza, ndipo anthu atadandaula kondakitala anayankha kuti, "Mafuta akwera, makolo anga. Munavotera kusintha, zinthu zasintha." Amuna awiri ovala malaya a zipani zosiyana anayamba kukangana kuti wolakwa ndani, aliyense akumaliza mawu ake ndi kuti, "Ndi ufulu wanga kuyankhula." Zaka zochepa m'mbuyomo onse awiri akanatsikira ku polisi.

Pampando ndinakhala ndi mayi wina wonenepa, wa mawu aakulu, amene anakweza madengu a utaka wouma padenga la basi n'kumatulutsa mutu pazenera kuwawerenga ndi maso. Anandiuza kuti ndi anaBanda a ku Mwadzama. Ataona kamera anafunsa ngati ndine wa nyuzi. Nditawafotokozera za ababa anangogwedeza mutu, n'kundipatsa nthochi. Twaibu anakhala kutsogolo, pafupi ndi dalaivala.

Tinayenda bwinobwino mpaka pa Chia. Titangotsika mlatho, tayala la m'mbuyo linaphulika ngati mfuti. Lapadera atalitsitsa linapezeka lopanda mpweya. Kondakitala anabwereka njinga, n'kumangirira tayalalo pakaliyala, ulendo kukafuna womata. Ife tinamwazikana m'mbali mwa msewu. Ogulitsa chambo anatizungulira, nsomba zili m'manja zikupuma, ndipo anthu amene m'basi ankalira kuti alibe ndalama anayamba kunenerera mitengo.

Ine ndinaona mlathowo, mabwato ali pansi pake, mayi wina akuchapa mphika m'mphepete. Ndinaima pamalo okwera, n'kudina. Mkulu wina wa jekete yong'ambika pachigongono anandigwira mkono.

"Mwana wanga, mukujambula mlatho wa boma?"

"Eya, agogo."

Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anayamba kuseka yekha. "Ndayiwala kuti zinatha zija. Kale mukanafotokoza bwino kuti wakutumani ndani. Jambulani, jambulani. Mundijambuleko ndi ine."

Sindinamujambule, filimu inali yotsala pang'ono. Nthawi yonseyo Twaibu anali pamthunzi ndi dalaivala, mitu ili pamodzi, akucheza motsitsa mawu. Nditamukodola kuti tidye nkhuku ija anati, "Idikire kaye, asuweni, ulendo ukadalipo." Ndinadya chinangwa cha anaBanda.

Tayala litabwera tinanyamuka dzuwa litapendeka. Tinadutsa pa Benga osaima. Koma titayenda pang'ono tinaona magalimoto atandandalikana m'mbali mwa msewu, anthu ali piringupiringu ndi katundu kumutu. Dalaivala anazimitsa injini, n'kutembenuka.

"Ulendo wa basi iyi wathera pano. Kamlatho kapita ndi madzi. Woloka aliyense payekha, tsidya linalo kuli magalimoto."

Phokoso linabuka. Ena ankafuna kubwezeredwa ndalama za kumene sitinafike, kondakitala n'kumati iye sanatume mvula. Tinatsika kukaona. Kamtsinje kake kanali koti chilimwe umangolumpha, koma tsikulo kanali katadya msewu wonse, phula litalendewera ngati chikhokho cha mkate. Pamalo olunjika madzi ankafika m'chifuwa, ndipo amuna a m'midzi yoyandikira anali atapeza ganyu yosenza katundu pamutu kuwolotsa. Azimayi ankawalozera kumunsi, kumene mtsinje unatambasuka pamchenga, madzi n'kumafika m'ntchafu, koma kunali kozungulira ndithu, kudzera m'minda ya mpunga.

Tinakhala pamenepo nthawi yaitali tikuonerera. Bambo wina anawolotsa mbuzi ataiika paphewa, ikulira ngati ikupita kokaphedwa. Wina thumba la ufa linamupulumuka, madzi n'kuyera mbee, anthu a mbali zonse ziwiri n'kukuwa pamodzi. Dzanja langa linkayabwa kufuna kujambula, koma ndinkasungira Lilongwe.

Twaibu anabwera atapinda buluku. "Asuweni, inu pitani ndi azimayi kumunsiko. Koma kamerayo ndipatseni. Mukaterereka m'matopemo, amalume anyowa. Ine ndiisenza pamutu m'chikwamamu, ndikakugwirireni malo m'galimoto."

Mawu akuti amalume anyowa ndi amene anandigonjetsa. Ndinaivula ndekha m'khosi. Ndinaikulunga ndekha m'pepala la pulasitiki, n'kuilowetsa pakati pa zovala zake. Ndinaona kuti zovalazo ndi zambiri, koma maganizo anga anali pa madzi.

Sindinapite kumunsi nthawi yomweyo. Ndinaima kuti ndione kaye ngati awoloke bwino. Analowa m'madzi chikwama chili pamwamba pa mutu, akuponda mosamala, madzi akumukankha. Pakati anadzandira, koma anaima nji. Atatuluka tsidya linalo ndinawomba m'manja ngati mwana.

Kumeneko kunali galimoto ya matola, yotsegula kumbuyo, itadzadza kale. Twaibu anayankhula ndi mwini wake, anaponya chikwama, n'kukwera. Ndinati akundigwirira malo. Kenaka ndinaona utsi kumbuyo kwa galimotoyo.

"Twaibu!"

Madzi ankasokosa, mwina sanamve. Koma anandiona. Anali ataima, atagwira chitsulo, ndipo maso athu anakumana pamwamba pa mtsinjewo. Sanakweze dzanja. Sanagogode padenga kuti dalaivala aime. Anangondiyang'ana, kenaka anatsitsira chipewa kumaso, n'kutembenukira kutsogolo. Galimoto inakwera kamtunda, inalowa m'mitengo ya mango, osaonekanso.

Ndinakhalabe chiimire ndikudziuza kuti ikukatembenuka. Kenaka ndinadziuza kuti dalaivala wakana kudikira, Twaibu akandiyembekezera ku Salima. AnaBanda, amene madengu awo anali atawoloka kale, anandikoka dzanja. "Tiyeni, aphunzitsi, madziwa sakuphwa lero."

Tinazungulira m'minda ya mpunga, matope akutivula nsapato. Tinawoloka titagwirana manja azimayi okhaokha, nsalu zitakwezedwa, wina akuyimba nyimbo ya kutchalitchi, wina akutchula dzina la Mulungu m'Chiarabu. Titafika pamsewu tsidya linalo, anaBanda anafinya nsalu yawo, n'kundifunsa osandiyang'ana.

"Uja wakusiyaniyu ndi amuna anu?"

"Ayi, ndi msuweni wanga. Akandidikira ku Salima."

"Ku Joni mukupita nonse?"

"Ku Joni kuti?"

Anasiya kufinya. "Pa Chia paja ndinapita kukaona madengu anga. Ndinamumva akufunsa adalaivala kuti basi za ku Joni zimanyamukira pati ku Lilongwe, ndiponso kuti pachipata amafunsa zotani. Anati zolipirira ulendo akazipezera m'tauni momwemo, ali ndi katundu woti akagulitse. Ine ndinayesa mukudziwa."

Ndinakhala pansi pomwepo, pamatope. Nkhuku yathunthu ija. Zovala zija. Misozi ya azakhali ija. Ndiponso mawu aja akuti tengani ndi kamera yomwe. Sanaganize zimenezi pamtsinje ataona mpata ayi. Anaziganiza kunyumba, atakhala pamphasa ya maliro, akudya mpunga wa amayi anga. Sindinalire.

"Ndalama zanu zili kuti?" anafunsa anaBanda.

Ndinagwira pamfundo ya nsalu m'chiuno. Zinalipo.

"Ndiye dzukani. Kubwerera n'kuwolokanso madzi omwewa. Kutsogolo n'kumene kuli chinthu chanu."

Magalimoto a tsidya limenelo anali atatha. Tinadikira mpaka mithunzi kutalika. Kunabwera lole imene inatsitsa feteleza, mwini wake n'kuvomera kutitenga. Tinakwera kumbuyo pamodzi ndi madengu a utaka, mkulu wa jekete uja, ndi amuna awiri a zipani aja, amene tsopano anafunda pulasitiki imodzi chifukwa mvula inayambiranso. Panalibenso wokamba za ufulu. Mkulu uja anandiyang'ana pachifuwa, n'kufunsa kuti makina aja ali kuti. AnaBanda anamuyankha ndi diso, iye n'kuyang'ana kumbali.

Ku Salima ndinalumpha lole isanaimitsitse. Ndinazungulira depoti yonse, kusuzumira m'basi iliyonse, m'malo odyera, ngakhale kuseri kwa zimbudzi. Mwamuna aliyense wa chipewa ndinkamuthamangira. Mbali ina ya mtima wanga inkayembekezabe kuti ndimupeza atakhala pabenchi, akuseka kuti, "Akazi anga, mwachedwa kuti?" Ndikanamukhululukira pomwepo. Kunalibe. Tinagona kwa mng'ono wawo wa anaBanda, ndipo m'mawa tinakwera basi yoyamba ya ku Lilongwe.

Basi imeneyo inali yokalamba. Pazitunda za ku Mvera inkakwera ngati munthu wodwala chifuwa, ndipo pena inaima, nthunzi ili tolotolo kutsogolo. Amuna anatsika ndi zigubu kukatunga madzi kudambo. Titaima choncho ndinaona mayi wina akutsika phiri atasenza mtolo wa nkhuni, mwana kumbuyo atagwira ambulera yothyoka kufunditsa mayi akewo. Dzanja langa linapita lokha pachifuwa. Linagwira batani la bulauzi. Apo ndi pamene misozi inabwera, ndipo anaBanda anangondisiya ndilire, akuyang'ana pazenera.

Za Lilongwe sindinganene zambiri, sindinamuone. Nyumba zosanjikizana zija sindikudziwa ngati tinazidutsa. AnaBanda anandilozera njira ya kumzikiti, n'kunena kuti ndikawapeze pamalo a nsomba ndikalephera. Ndinafunsa anthu awiri atatu za situdiyo ya mdala wa ndevu zoyera. Sindinkayembekeza kupezako Twaibu. Ndinapitako chifukwa ndi malo okhawo amene ndinkawadziwa dzina m'tauni yonseyo, komanso ndinaganiza kuti munthu wofuna kugulitsa kamera mwachangu amapita kwa amene akumudziwa.

Kanali kachipinda kakang'ono, khoma lake lojambulidwa nyumba yokongola ndi maluwa kuti anthu aziimapo. Pakhomo panali kabati yagalasi. M'katimo, pakati pa mabatire ndi mafilimu atsopano, munali kamera yanga, lamba wa khaki atakulungidwa bwinobwino, ulusi wobiriwira ukuonekera.

"Salaam aleikum, bambo."

"Waleikum salaam. Tijambule?"

"Kamera iyo ndi yanga."

Mdalayo anavula magalasi. Sanakwiye. Anandiuza kuti m'mawa womwewo, atangotsegula, kunabwera mnyamata amene amamudziwa nkhope, wogulitsa nsomba wa kunyanja. "Anati kamerayi ndi ya malemu bambo ake, akuigulitsa kuti apeze za sadaka."

Ngakhale bodza lake analisoka ndi maliro athu.

"Nanga filimu? Munali filimu m'katimo."

Mdalayo anayang'ana pansi. "Mayi, ine ntchitoyi ndakalambiramo. Sinditsegula kamera ndisanaone ngati muli kanthu. Koma iyeyo anali pachangu. Ndikuyang'ana galasi lakutsogolo, anandilanda, akuti ndione kuti m'kati ndi moyera. Anatsegula chitseko cha kumbuyo pakhomo pomwepa, dzuwa likuwala. Ndinakuwa, n'kutseka msanga. Ndinamufunsa kuti muli chiyani, anati zachabechabe, nkhuku ndi mabwato."

Twaibu ankadziwa. Ndinamuphunzitsa ndine kuti chitseko chimenecho satsegula filimu isanakulungidwe. Ankadziwanso amene anali m'menemo.

Mdalayo anatsegula dirowa n'kutulutsa filimuyo. Anati anaikulunga atachoka mnyamatayo, ndipo anatsala pang'ono kuitaya. Anandifotokozera kuti zojambulidwa poyamba zimakhala m'kati mwa mpukutu, zotetezedwa, koma zomalizira zimakhala pamwamba, ndipo ndi zimene kuwala kumayamba kudya. Anandifunsa kuti zimene ndikufunazo zili koyambirira kapena kothera.

"Kothera," ndinatero.

Mdalayo anangoti ndibwere dzuwa likapendeka.

Za kamera anati iye anagula ndi ndalama zake, ndipo ngati ndikufuna, tipite limodzi ku polisi, akachitira umboni. Ndinaganiza za amayi, ofedwa kumene, akumva kuti mwana wawo wakasumira mwana wa mlamu wawo arubaini isanachitike. Ndinaganizanso kuti Twaibu nthawi imeneyo anali kale m'basi, akudya nkhuku. Ndinati ayi. Zowombolera kamerayo ndinalibe. Ndinangopempha lamba. Mdalayo anamumasula yekha, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Sindinapite kulikonse. Ndinakhala pakhonde la situdiyoyo tsiku lonse, lamba ali m'manja. Anthu ankabwera atatchena, kulowa, kuwala kwa fulashi n'kung'anima, iwo n'kutuluka akuseka. Azana yoitanira mapemphero a masana inalira pamzikiti, ine osasuntha. Mdalayo atabwerako kokatsukitsa anandiitanira m'kati, n'kundipatsa mpando asanandipatse envulopu.

Anayamba wandionetsa negetivi, ataikweza pazenera. Theka lake linali ndi timafanizo tating'onoting'ono. Theka linalo linali lakuda bii, ngati lamba wa njinga. Anandilozera ndi chala. "Apa ndi pamene panali anthu anuwo." Ndinayang'anitsitsa mpaka maso kuwawa, kufuna mwina m'mphepete mwa kofiya, mwina dzanja, mwina mwendo wa mpando. Panalibe kanthu. Ababa anakana kamera moyo wawo wonse, anavomera kamodzi kokha, ndipo kamodziko kanapsa pakhomo la situdiyo chifukwa munthu anali pachangu.

Zimene zinatuluka zinali zoyambirira, zofiirira m'mbali ngati zayandikira moto. Ana anga a sukulu pansi pa mtengo. Amayi ena akuyanika chinangwa. Bwato lobooka. Ndipo chimodzi, chowala bwino kuposa zonse, chopanda banga ngakhale pang'ono, chinali cha Twaibu. Ndinali nditaiwala kuti ndinamujambula. Anakhala pamchenga akusoka ukonde, atatukula mutu, akundisekerera, mano onse ali panja.

Mdalayo anakana kuti ndilipire. Ndinapita kukatsanzika anaBanda pamalo a nsomba. Anaona nkhope yanga, sanafunse. Anandimangira utaka m'pepala kuti ndikapatse amayi.

Ulendo wobwerera sindiukumbuka bwino. Pakamtsinje paja anali atathirapo miyala ndi dothi, basi inadutsa pang'onopang'ono, madzi atabwerera m'malo mwake ngati sanalakwe kanthu. Ndinafika ku Liwaladzi amayi akusesa pabwalo. Anaona kuti ndili ndekha, anaona kuti m'khosi mulibe kanthu. Ndinawafotokozera zonse nditagwada. Anatenga envulopu, n'kuyang'ana chithunzi chilichonse mofatsa, kufikira chomaliza, kenaka n'kuyambiranso, ngati mwina ababa abisala pakati. Atamaliza anati, "Chabwino. Ine ndinawaona tsiku lija. Anatchena." Analowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanatulukenso.

Pa arubaini abale anabwera ochuluka, ena ochokera ku Dwangwa, ena kutsidya kwa nyanja. Ena anali atamva kuti kuli chithunzi, ndipo ankafunsa. Amayi ankangoti sichinatuluke. Mapemphero atatha, anthu atadya, azakhali anandipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka mbale. Chibwerereni ine anali asanaponde pakhomo pathu.

"Asiyatu, wafika bwino mnzako. Watumiza uthenga."

Ndinapitiriza kutsuka mbale.

"Usamusungire mawu. Kuno akanatani? Nsomba zake zija zimamupatsa chiyani? Ndinamuuza kuti akupemphe, iye anati ukana. Kamera ndi chitsulo, mwana wanga. Akayamba ntchito akugulira ina yoposa ija."

"Munkadziwa, azakhali."

"Za filimuzo sindinkadziwa."

"Munkadziwa kuti mlongo wanu ali m'menemo. Tsiku lojambula lija munalipo. Ndinu munawakonza kofiya."

Anapotokola ngodya ya mpango. Ndinayesa apepesa. Koma atatsegula pakamwa anati, "Ndamva kuti cha Twaibu chinatuluka bwino. Sindikudziwa kuti ndidzamuonanso liti. Undipatse."

Mbale inandipulumuka m'manja. Ndinayang'ana nkhope yawo kuti mwina akuseka, koma ankanenetsa. Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndinene mawu amene sakanabwezeka, pamene ndinamva amayi kumbuyo kwanga. Sindikudziwa kuti anaima pamenepo nthawi yaitali bwanji.

"Kawatengere."

"Amayi!"

"Kawatengere, Asiyatu. M'nyumba mwanga sindichifuna."

Ndinakatenga. Azakhali anachilandira ndi manja awiri, anachipukuta ndi mpango, n'kuchilowetsa m'bulauzi. Anathokoza amayi, amayi n'kutembenuka kubwerera m'nyumba.

Kamera ina ija sinabwere, ndipo Twaibu sanabwererenso kudzakhala kumudzi. Chithunzi chake azakhali anachiika m'felemu, chili pakhoma pabalaza pawo mpaka lero, ngakhale maso awo sakuonanso bwino. Aliyense wolowa amamuuza monyadira kuti anajambula ndi Asiyatu, mwana wa achimwene. Pa Idi ndimapitako ndithu kukawalonjera, chifukwa ndi mlongo wawo wa ababa ndipo nkhope yawo ndi yokhayo yotsala imene imafanako. Amandiyalira mkeka. Ine ndimaukoka, n'kukhala chofulatira khoma.